Getsi la Check Engine Likakana Kuzima, Musathamangire Kugula Sipeya



M'mabanja ambiri kuno, pikapu kapena kalole kakale ndiye mwendo wa geni yonse. Ndi iyo imanyamula usipa kuchoka kudoko kupita ku Limbe kapena ku Lilongwe, imatuta mpunga kudambo, imabweretsa feteleza ndi mbewu, ndipo usiku wina ndi iyo imathamangitsira wodwala kuchipatala. Ndiye tiyerekeze kuti ndi m'bandakucha. Mwapakira chambo cha fuleshi ndi ayisi wake, mwaliza injini, koma kagetsi kachikasu kooneka ngati chithunzi cha injini kakuyakabe pa dashibodi. Ino ndi sabata yachitatu. Galimoto ikuyenda ndithu, kungoti ikumwa mafuta kuposa kale ndipo pachitunda ikulemedwa. Munyamuke kapena muyambe mwaima?

Ambirife timachita chimodzi mwa zinthu zitatu. Ena amamata thepi yakuda pagetsipo kuti lisamawavute m'maso. Ena amachotsa waya wa batire kwa kanthawi, getsi n'kuzima, mawa lake n'kuyakanso. Ena amayamba kugula: lero sensa, sabata yamawa mapulagi, kenako pampu, mpaka mpamba wa nsomba kuthera mu boneti getsi lili chiyakire. Pali njira yabwino kuposa zitatuzi. Njirayo ndi kufunsa galimotoyo chomwe ikudandaula, kulemba yankho lake, kenako n'kufufuza mwandondomeko kuyambira pa zinthu zosalira ndalama.

Getsili limayaka chifukwa chiyani?

Injini zambiri za kuyambira zaka za m'ma 1990 zili ndi kabokosi ka kompyuta komwe amakaniko amati ECU. Ntchito yake ndi kuwerengera kuchuluka kwa mafuta oti alowe mu injini komanso nthawi yoti ayake. Kompyutayi ilibe maso, choncho imadalira masensa. Ina imaiuza kutentha kwa madzi a injini, ina kuchuluka kwa mpweya womwe ukulowa, ina liwiro lomwe injini ikuzungulira, ina momwe mwapondera moto, ndipo pa galimoto ya petulo pali ina ku ekizozi yomwe imayeza utsi kuti idziwe ngati mafuta achuluka kapena achepa.

Sensa iliyonse imatumiza uthenga wake pa waya. Kompyuta ikalandira uthenga wosamveka, kapena uthenga ukasiya kufika, kapena ikaona kuti mafuta sakuyaka bwino, imasunga nambala ya vutolo ndi kuyatsa getsi lija. Getsi ndi limodzi, koma zifukwa zoliyatsira ndi mazanamazana. N'chifukwa chake munthu sangangoyang'ana pa dashibodi n'kunena kuti chafa ndi chakuti. Getsilo langokutsinani khutu, ndipo paja wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani yeniyeni ili mu nambala yomwe yasungidwa.

Kulisiya likuyaka kumadya ndalama mwakachetechete. Mwachitsanzo, sensa ya madzi ikamanama kuti injini ikadali yozizira, kompyuta imathira mafuta ambiri ngati m'mawa, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Limbe. Choopsa china n'chakuti getsi likakhala loyaka kale, vuto lachiwiri lalikulu likabwera simudziwa, chifukwa palibe getsi lina loti liyake.

Ndiime kapena ndipitirire?

Yambani mwaona mtundu wa getsi. Magetsi ofiira, monga la oyilo, la kutentha kwa injini ndi la batire, sapereka mpata wokambirana. Limodzi mwa amenewa likayaka muli paulendo, patukani, zimitsani injini, muone oyilo, madzi ndi lamba. Musatsegule chivundikiro cha lediyeta injini ikadali yotentha, madzi ake amapsereza nkhope.

Getsi la check engine likamathwanimathwanima pa galimoto ya petulo, injini n'kumanjenjemera, ndiye kuti silinda ina sikuyatsa mafuta. Petulo wosapsayo amapita ku ekizozi n'kukayakira mu katalitiki, chibokosi chija choyeretsa utsi, mpaka kufiira ndi moto. Chikhoza kusungunuka mkati, ndipo mukaimika galimoto pa udzu wouma m'chilimwe chikhoza kuyatsa moto. Apa imani msanga.

Likayaka osathwanima koma galimoto yatha mphamvu, moti ngakhale mupondetse moto sikuthamanga, nthawi zambiri ndi kompyuta yomwe yachepetsa dala mphamvu kuti iteteze injini. Mukhoza kufika nayo pang'onopang'ono kugalaja yapafupi, koma musayese kukwera nayo zitunda za ku Golomoti, za ku Chowe popita ku Namwera, kapena za pakati pa Salima ndi Lilongwe mutadzaza katundu.

Likayaka osathwanima, galimoto ikuyenda bwinobwino, singano ya kutentha ili pamalo pake, palibe utsi wachilendo kapena phokoso, ulendo wa lero mukhoza kumaliza. Koma sabata isathe musanawerenge nambala.

Dziwani kaye mtundu wa galimoto yanu

Magalimoto akale omwe tili nawo kuno ali m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse limafunsidwa mosiyana.

Gulu loyamba ndi la dizilo wa pampu yamakedzana, monga injini za Toyota za 2L ndi 3L. Izi zilibe kompyuta yoyendetsa mafuta, choncho getsi la check engine zilibe. Lomwe ambiri amalisokoneza ndi getsi la fyuluta ya dizilo, lomwe limayaka madzi akadzaza pansi pa fyuluta, kapena lolembedwa T-BELT, lomwe limangokukumbutsani kuti mtunda wosinthira lamba wa tayimingi wakwana.

Gulu lachiwiri ndi la zaka za m'ma 1990 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kompyuta ilimo, koma imalankhula chilankhulo cha kampani yomwe inapanga galimotoyo. Zitsanzo ndi dizilo wa 1KZ-TE komanso petulo wa 22R-E ndi 7K-E.

Gulu lachitatu ndi la magalimoto otsata ndondomeko yofanana yotchedwa OBD-II. Ku America ndondomekoyi inakhala lamulo kuyambira 1996, ndipo ku Ulaya kuyambira 2001 pa magalimoto a petulo ndi 2004 pa a dizilo. Chizindikiro chake ndi soketi ya timabowo 16 yomwe imakhala pansi pa dashibodi, pafupi ndi chiwongolero. Koma chenjerani apa. Magalimoto ambiri omwe anapangidwira msika wa ku Japan m'zaka zoyandikira 2000 soketi imeneyi ali nayo, koma sayankha makina otchipa owerengera. Makina akakana kulumikizana, sizitanthauza kuti kompyuta ya galimoto yafa. Mwina angosiyana chilankhulo.

Kuwerenga nambala ndi kawaya

Pa Toyota zambiri za gulu lachiwiri mukhoza kuwerenga nambala popanda makina. Mu boneti, kapena pafupi ndi injini, muli kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Mukakatsegula, kunsi kwa chivundikiro kuli chithunzi choonetsa dzina la bowo lililonse. Kiyi ili yozimitsa, tengani kawaya kafupi mulumikize bowo la TE1 ndi la E1. Kenako tembenuzani kiyi kufika pa ON osaliza injini, n'kuyang'ana getsi lija. Pa Toyota za soketi ya timabowo 16, ambiri amalumikiza bowo la nambala 4 ndi la nambala 13.

Ngati palibe vuto losungidwa, getsi limathwanima mofulumira ndi mofanana osapumira. Ngati vuto lilipo, limawerenga nambala ya manambala awiri. Likathwanima kawiri, n'kupuma pang'ono, n'kuthwanimanso kawiri, imeneyo ndi 22. Likathwanima kanayi, n'kupuma, kenako kamodzi, ndi 41. Nambala zikakhala zingapo limapuma nthawi yotalikirapo pakati pake, ndipo likamaliza limayambiranso. Werengani katatu, wina azilemba.

Pa Toyota za petulo za nthawi imeneyo, 12 ndi uthenga wa kuzungulira kwa injini, 21 ndi sensa ya ku ekizozi, 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 24 ndi ya kutentha kwa mpweya, 25 ndi mafuta kuchepa, 26 ndi mafuta kuchuluka, 41 ndi sensa ya popondera moto, 42 ndi ya liwiro la galimoto. Koma nambala imodzi ikhoza kutanthauza zosiyana pa injini ina. Nambala 14 pa petulo imanena za moto wa kumapulagi, pomwe pa dizilo wa 1KZ-TE imanena za tayimingi ya pampu. Ndiye dziwani dzina la injini yanu, lomwe limalembedwa pa kachitsulo ka mu boneti kapena pakhomo.

Chenjezo: m'kabokosi komweko muli bowo la moto wa batire. Mukalumikiza mabowo olakwika mukhoza kupsereza fyuzi ngakhalenso kompyuta. Ngati zilembo zafufutika, musachite kulota. Isuzu, Nissan, Mazda ndi Mitsubishi zili ndi njira zawozawo, musagwiritse ntchito ya Toyota pa izo.

Kuwerenga nambala ndi makina

Izi ndi zomwe timati kuika galimoto pa kompyuta. Magalaja ambiri m'matauni makinawa ali nawo, ndipo pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa ELM327 komwe kamalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Eni ake a Canter, Dyna ndi Elf amve izi: malole ambiri oterewa amayendera mabatire awiri a mavolti 24, pomwe tizipangizo totchipati tambiri tinapangidwira mavolti 12. Funsani musanalumikize.

Nambala za OBD-II zimayamba ndi chilembo, ndipo za injini zimayamba ndi P. Zomwe zimaoneka kawirikawiri ndi izi:

P0100 mpaka P0103: sensa yoyeza mpweya wolowa
P0115: sensa ya kutentha kwa madzi
P0171: mafuta achepa poyerekeza ndi mpweya
P0172: mafuta achuluka
P0300: masilinda osiyanasiyana akuphonya
P0301 mpaka P0304: silinda yoyamba mpaka yachinayi ikuphonya
P0335: sensa ya kuzungulira kwa injini
P0401: EGR sikudutsitsa utsi wokwanira
P0420: katalitiki sikugwira bwino ntchito
P0087: mphamvu ya mafuta mu paipi yaikulu yatsika
P0562: magetsi a galimoto achepa

Lamulo lalikulu ndi ili: nambala isafufutidwe musanailembe. Jambulani ndi foni. Makina abwino amaonetsanso momwe zinthu zinalili panthawi yomwe vuto linachitika, monga liwiro, kutentha kwa injini ndi kulemedwa kwake. Umenewo ndi umboni, ndipo mukafufuta nambala kapena kuchotsa batire umapita wonse.

Nambala si dzina la sipeya

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimathera. Makina akaonetsa dzina la sensa, timaganiza kuti akutiuza kuti tigule sensa. Chikhalirecho nambala imangoloza njira yomwe vuto lamvekera. Pa njirayo pali sensa, soketi yake, mawaya, ndi kompyuta, ndipo pa galimoto yakale soketi ndi mawaya ndi zoyamba kuzikayikira.

Tengani P0115, kapena 22 pa Toyota yakale. Musanagule kanthu, zulani soketi ya sensayo muone ngati mulibe dzimbiri lobiriwira kapena kawaya kothyoka. Kenako yezani sensayo ndi mita yoyezera magetsi, yomweyo yomwe anyamata okonza masola amayenda nayo. Sensa yabwino ya mtundu wa Toyota imaonetsa ma-ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, ndipo imatsika kufika pa 200 mpaka 400 pa madigiri 80. Ikaonetsa zimenezi, sensa ilibe mlandu. Tsatani waya.

Tenganinso P0171. Nambalayi imabwera kudzera ku sensa ya ku ekizozi, ndiye ambiri amaisintha. Koma nthawi zambiri iyo yangonena zoona zomwe yaona: mpweya wachuluka, petulo wachepa. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Muyezowu umasokonekera paipi ya mpweya ikang'ambika, sensa ya mpweya ikada ndi fumbi, fyuluta ya petulo ikatsekeka, pampu ikafooka, kapena ekizozi ikabooka pafupi ndi injini. Mukasintha sensa, yatsopanoyo idzanenanso zomwezo.

Nambala zikatuluka zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, za masensa osiyanasiyana, musaganize kuti onse afa tsiku limodzi. Masensa ambiri amagawana waya umodzi wa moto ndi umodzi wa efi. Fufuzani chomwe akugawana.

Zoti muone nokha pakhomo

Yambani ndi batire. Kompyuta imasokonezeka magetsi akachepa, n'kuyamba kusunga nambala zosagwirizana. Batire lodzaza, galimoto itagona usiku, limaonetsa mavolti 12.6 kapena kuyandikira apo. Injini ikulira liyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likaonetsa zochepera 13, kapena kupyola 15, vuto lili ku olutaneta. Pa lole ya mavolti 24 manambalawa muwachulukitse kawiri. Mitu ya batire ikhale yoyera ndi yothina. Ngati mumachita kukhomerera msomali kapena kachitsulo kuti mutu ugwire, yambani mwakonza zimenezo.

Chachiwiri ndi mawaya a efi, aja amachoka ku batire kupita ku thupi la galimoto ndi ku injini. Masulani, palani dzimbiri mpaka chitsulo chiwale, mangitsani. Ntchito yathu ya nsomba imawononga kwambiri malo amenewa. Madzi a ayisi osakanikirana ndi a nsomba amadontha tsiku ndi tsiku kudutsa pansi pa bodi n'kugwera pa mawaya ndi masoketi. Pa Dyna ndi Canter mabatire enieniwo amakhala pansi pomwepo. Kutsukira galimoto m'nyanja ndi kukhuthulira madzi pa injini kumawonjezera vutoli.

Chachitatu ndi makoswe. Galimoto yonunkhira usipa, yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a mpunga, imaitana makoswe, ndipo iwo amakonda kufunda kwa injini. Tengani tochi muyang'ane mitolo ya mawaya, makamaka kuseri kwa injini ndi pansi pa mpando. Mukapeza manyi a makoswe, mankhusu kapena chisa, tsatani waya uliwonse pafupi pamenepo. Waya wolumidwa ulumikizidwe bwino ndi mtovu, osati kungopota n'kukulunga ndi pulasitiki ya shuga.

Chachinayi ndi njira ya mpweya. Misewu ya kumadoko ndi yafumbi ndi mchenga. Tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Ikatsekeka, isintheni. Ikabooka, kapena wina anaichotseratu, fumbi lafika kale pa sensa ndi mu injini. Sensa ya mpweya imatsukidwa ndi mankhwala ake opopera. Kawaya kake ndi kopyapyala ngati tsitsi, musakakhudze ndi nsalu kapena kamtengo. Kenako finyani paipi yaikulu ya labala yochoka pa fyuluta kupita ku injini, muone ngati siinang'ambike m'makwinya, makamaka kunsi. Onaninso timapaipi ting'onoting'ono ngati sitinazuke kapena kuuma n'kusweka.

Chachisanu ndi mafuta. Nthawi yomwe mafuta asowa, ambiri timagula a m'zigubu, ndipo ena mwa iwo amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Thirani pang'ono mu botolo loyera loonekera mkati, mulisiye kwa kanthawi. Madzi amalemera kuposa dizilo ndi petulo, choncho amakhazikika pansi. Pa galimoto ya dizilo, pansi pa fyuluta pali kotsegulira madzi. Masulani pang'ono, popani kapampu ka pamwamba mpaka kutuluke dizilo woyera, n'kutsekanso. Kumbukirani ngati getsi linayamba mutangothira mafuta pamalo ena ake.

Za petulo

Nambala ikanena kuti silinda ina ikuphonya, pali kuyesa kosalira ndalama. Tinene kuti yatuluka P0302, ndipo injini yanu ili ndi koyilo pa pulagi iliyonse. Sinthanitsani koyilo ya silinda yachiwiri ndi ya yachitatu, fufutani nambala mutailemba, yendani. Ikabwera P0303, vuto lasamuka ndi koyilo, ndiye gulani koyilo imodzi. Ikabweranso P0302, koyilo ilibe mlandu. Sinthanitsani mapulagi mwanjira yomweyo. Vuto likakhalabe pomwepo, kwatsala injekita, waya wake, kapena mphamvu ya silindayo, zomwe makaniko amayeza ndi geji.

Mukazula mapulagi, aoneni nkhope. Yotuwa mofiirira ili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti mafuta achuluka. Yonyowa ndi oyilo ikunena kuti injini yatopa mkati. Yoyera mbee ikunena kuti mafuta achepa kapena kwatentha kwambiri.

P0420 ikamabwerabwera, yang'anani pansi pa galimoto. Katalitiki ili ndi zitsulo zamtengo wapatali mkati, ndipo pali anthu omwe amaichotsa kapena kuikolowola n'kukagulitsa. Ngati inachotsedwa, palibe sensa yatsopano yomwe ingazimitse getsilo.

Mwina munamvapo pa intaneti kuti getsi likayaka muyambe mwathina chitsekerero cha thanki. Malangizowa amagwira kwambiri pa magalimoto a petulo opangidwira msika wa ku America, omwe kompyuta yake imayeza ngati thanki ikutulutsa nthunzi. Kuthina chitsekerero n'kwaulere, chitani, koma pa mapikapu ambiri akale a kuno ndi pa dizilo yankho silikhala pamenepo.

Za dizilo

Hilux za kuyambira 2005 za injini ya D-4D, monga 2KD ndi 1KD, ndi anzawo a nthawi yomweyo, sizipirira mafuta akuda ngati mmene 3L inkachitira. Zikaonetsa P0087, makamaka pokwera chitunda ndi katundu, yambani ndi fyuluta ya dizilo, kenako muone ngati mapaipi ochoka ku thanki sakukoka mpweya kapena kutsekeka. Zikatero ndi pomwe mungaganizire za kavalavu ka pa pampu komwe amakaniko amati SCV, ndipo pomaliza mainjekita. Ndondomeko imeneyi ikuyambira pa chotchipa kupita pa chodula, musaitembenuze.

Pa injini zimenezi musamasule paipi ya injekita injini ikulira, ngati mmene tinkachitira pa zakale pofuna kumva silinda yomwe ikuphonya. Tayala la pikapu limapopedwa mabar 2 mpaka 4, koma dizilo wa m'mapaipi amenewa amapyola mabar 1,000. Akhoza kuboola khungu n'kulowa m'thupi.

P0401 nthawi zambiri ndi mwaye. EGR ndi valavu yomwe imabweza utsi pang'ono mu injini, ndipo galimoto yomwe imakhalitsa ikulira pamalo amodzi kudoko, kapena kuyenda maulendo afupiafupi, imaunjika mwaye mmenemo. Kawirikawiri kuimasula ndi kuitsuka kumakwanira.

N'chifukwa chiyani likubwereranso?

Kufufuta nambala si kukonza. Pa OBD-II, mavuto ambiri kompyuta imafuna iwaone pa maulendo awiri otsatizana isanayatse getsi. N'chifukwa chake mumachoka kugalaja getsi litazima, mtima uli m'malo, mawa lake madzulo layakanso. Mbali inayo ndi yabwino: vuto likakonzedwadi, getsi limazima lokha pakatha maulendo atatu otsatizana opanda vuto. Choncho ntchito musaiyamikire pachipata cha galaja. Iyeseni masiku atatu kapena anayi, pa msewu ndi katundu wanu wa masiku onse.

Getsi lomwe limayaka ndi kuzima lokha limafuna kuleza mtima, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Sungani kakope m'galimoto, dalaivala azilemba nthawi yomwe layaka. Likamayaka mvula ikagwa kapena mukatsuka galimoto, madzi akulowa mu soketi. Likamayaka pa mabampu, pali waya wolendewera kapena wokhula pa chitsulo. Likamayaka injini ikatentha, masana a mu Okutobala, ganizirani koyilo kapena sensa yomwe imafooka ikatenthedwa. Likamayaka pachitunda kapena mafuta akatsala pang'ono mu thanki, mafuta sakufika okwanira. Makaniko wodziwa ntchito amagwedeza mawaya umodziumodzi injini ikulira, n'kumamvetsera pomwe isinthe kaliridwe.

Chifukwa china ndi sipeya zachinyengo. Sensa yotchipa kwambiri, ya m'bokosi lokongola, ikhoza kupereka uthenga wolakwika kuyambira tsiku loyamba. Nthawi zambiri sensa yeniyeni yochotsedwa pa galimoto ina imagwira bwino kuposa yatsopano yabodza. Yerekezani nambala yolembedwa pa sipeya yakale ndi ya yomwe mukugula.

Mukafika kugalaja

Kufunsa si kunyoza mmisiri. Safunsa anadya phula. Lankhulani mwaulemu koma momveka: "Achimwene, nambala yatuluka iti? Ndijambule kaye musanafufute." Akanena kuti sensa yafa, funsani: "Mwaiyeza bwanji? Nanga waya ndi soketi mwaziona?" Funsaninso: "Tikasintha chimenechi getsi n'kuyakanso, titani?" Makaniko wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa, amakuonetsani pa mita. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi kuti mudziwe chomwe chathandiza, ndipo sipeya yakale muitenge. Wina akakuuzani kuti angodula waya wa getsilo kapena kuchotsa babu, thokozani, tengani galimoto yanu.

Zomwezi zikuthandizani pogula galimoto yakale. Mukatembenuza kiyi kufika pa ON, getsi la check engine liyenera kuyaka limodzi ndi anzake, n'kuzima injini ikalira. Likapanda kuyaka konse pa galimoto yomwe ili ndi kompyuta, babu linapsa kapena wina analichotsa kuti abise vuto. Musapereke ndalama musanaiike pa makina ndi kuiyendetsa mtunda wokwanira kuti injini itenthe.

Tibwerere kudoko kuja. Chambo chili m'galimoto, ayisi wayamba kusungunuka. Ngati getsi ndi lachikasu, silikuthwanima, oyilo ndi madzi zili bwino ndipo mphamvu ilipo, nyamukani, diso lili pa singano ya kutentha. Ngati likuthwanima, kapena lofiira layaka, kapena galimoto yatha mphamvu, samutsirani nsomba pa galimoto ya mnzanu ngakhale mulipire. Mtengo wa ulendo umodzi ndi wochepa poyerekeza ndi injini yophwanyika ndi nsomba zowolera pamsewu. Mukabwerako, tengani tochi, mita ndi kakope, muyambe ndi batire.

Muyende bwino, ndipo geni ikuyendereni.